Kodi mkaidi angatiimire ku nyumba ya malamulo?

Chaka cha 2025 chinatibweretsera pakhomo funso limene kale tinkati n'la maloya a ku Lusaka okha. M'miyezi yochepa chabe, madera awiri oyandikana ndi dera lathu la Malambo anatsala opanda aphungu chifukwa eni mipando analowa m'ndende. Kumpoto kwathu ku Lumezi, a Munir Zulu, amene anapambana mu 2021 ataima paokha, anapezeka olakwa kukhoti, ndipo anthu anakavotanso mu Juni. Kutsidya kwa Luangwa, a Maureen Mabonga a chipani cha PF anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 8 chifukwa cha mawu amene khoti linati ngoutsa mkwiyo wa anthu pa boma, ndipo chisankho chachibwereza chinachitika mu Ogasiti. Dera lawo limatchedwa Mfuwe, koma lili m'boma la Lavushimanda m'chigawo cha Muchinga. Mfuwe wathu uno wa bwalo la ndege, Masumba ndi Cropping ali mu Malambo. Mipando yonse iwiri inapita ku chipani cholamula cha UPND.

Funso lake n'lakuti: ngati anthu a m'dera akumufunabe munthu wawo, bwanji osamusiya apikisane ali m'ndende momwemo, mavoti ndiwo aweruze? Ena akalimva amangopukusa mutu, amati mkaidi ndi mkaidi basi. Komatu kuli mayiko kumene akaidi amaimadi pa chisankho, ena mobwerezabwereza mpaka dzina lawo kuzolowereka pa pepala lovotera.

Limodzi mwa mayiko amenewa ndi America. Malamulo aakulu a dzikolo amangofuna zinthu zitatu kwa wofuna upulezidenti: akhale nzika yobadwira, wa zaka zosachepera 35, ndipo akhale atakhala m'dzikomo zaka 14. Za ndende satchulapo kanthu. Mpata umenewu ndi umene Eugene Debs anadzerapo mu 1920. Debs anali mtsogoleri wa anthu apantchito, ndipo anali ataimapo kale kanayi, katatu m'dzina la chipani cha Socialist. Mu 1918 anayankhula pamsonkhano ku Canton, m'chigawo cha Ohio, kutsutsa kulowerera kwa dziko lake m'nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ndipo mawuwo anamutengera zaka 10 za ukaidi. Ali m'ndende ya ku Atlanta, chipani chake chinamusankhanso. Omutsatira sanabise za ukaidiwo, anachita kulemba nambala yake ya m'ndende, 9653, pa mabaji a kampeni. Anapeza mavoti oposa 900,000 osachititsa msonkhano ngakhale umodzi. Pulezidenti Warren Harding anamutulutsa mu Disembala 1921.

Si onse amene anali ngati Debs. Lyndon LaRouche anaima kasanu ndi katatu kuyambira 1976 mpaka 2004, ndipo mu 1992 anachita kampeni ali m'ndende ku Minnesota pa mlandu wa chinyengo cha ndalama. Mavoti ake sanafike ndi 30,000 omwe m'dziko la anthu mamiliyoni mazanamazana. Ndiye pali Keith Judd, mkaidi wa ku Texas amene anagamulidwa miyezi 210 pa mlandu woopseza anthu pofuna ndalama. Iye ankangotumiza mafomu kumadera osiyanasiyana chisankho chilichonse chikayandikira. Mu 2012 analipira madola 2,500, dzina lake n'kulowa pa chisankho cha mkati mwa chipani cha Democratic ku West Virginia, kupikisana ndi Barack Obama amene anali pampando. Judd anatenga mavoti 41 pa 100 alionse. Anthu ambiri amene anamuchonga sankamudziwa n'komwe. Dera limenelo ndi la migodi ya malasha, ndipo anthu ake anali atakwiya ndi mfundo za Obama zokhudza malasha, choncho anachonga dzina lina lililonse limene linalipo.

Apa pakuoneka kuti voti yopita kwa mkaidi kawirikawiri siikhala yomutuma ntchito. Ovota amadziwa kuti sangatuluke kukamanga mlatho. Amakhala akutumiza uthenga kwa amene ali ndi makiyi a ndendeyo. Zinaonekera poyera ku Northern Ireland pa 9 Epulo 1981, pamene Bobby Sands, mkaidi wa gulu la IRA amene ankanyanyala chakudya, anapambana mpando wa Fermanagh ndi South Tyrone. Anamwalira pa 5 Meyi, atakhala masiku 66 osadya, ali phungu amene sanapondeko ku nyumba ya malamulo. Boma la Britain silinachedwe: chaka chomwecho linakhazikitsa lamulo loletsa aliyense amene akugwira ukaidi wopitirira chaka chimodzi kuima pa chisankho.

Kuno ku Africa nkhani yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi ya ku Senegal, chifukwa ikusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timakonda kuziphatikiza: munthu amene akungosungidwa podikira mlandu, ndi munthu amene khoti lamugamula. Ousmane Sonko, amene anali wotchuka kwambiri kumbali yotsutsa, analetsedwa kuima mu 2024 chifukwa khoti linali litamupeza wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya nduna. Mnzake Bassirou Diomaye Faye anali m'ndende kuyambira Epulo 2023, koma mlandu wake unali usanaweruzidwe, choncho dzina lake linaloledwa. Anatuluka pa 14 Malichi 2024, ndipo pa 24 Malichi anapambana ndi mavoti 54 pa 100 alionse. Ku Niger nako, Hama Amadou anakhala wachiwiri pa chisankho cha 2016 ali m'ndende ya Filingué podikira mlandu.

Malamulo athu a Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, amatsata mzere womwewo. Ndime 70 imati munthu sangasankhidwe kukhala phungu ngati akugwira ukaidi pa mlandu uliwonse wa m'malamulo olembedwa, kapena ngati m'zaka zisanu zapitazo anagwirapo ukaidi wa zaka zitatu kapena kuposerapo. Ndime 100 imanena zomwezo kwa wofuna upulezidenti. Ndime 72 imati phungu amene wagwera m'zoletsazi mpando wake watha. Wosungidwa pa limandi sali m'gulu limeneli, chifukwa pamaso pa lamulo ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula. Ku Malawi anatenga njira ina pang'ono: amaletsa munthu amene m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo anapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa khalidwe lonyansa. Kumeneko amayang'ana mtundu wa mlandu, ife timayang'ana chitseko cha ndende. Choncho Keith Judd wa ku Namuseche kapena ku Mukobeko sangapezeke. Mafomu ake a Electoral Commission of Zambia sangawalandire.

Chimene tili nacho ife ndi anthu oima kambirimbiri amene ndende inawadutsa pakati pa ulendo wawo. A Hakainde Hichilema anagonja pa chisankho cha pulezidenti mu 2006, 2008, 2011, 2015 ndi 2016. Mu Epulo 2017 anamangidwa pa mlandu woukira boma, chifukwa choti mdipiti wa galimoto zawo sunapatukire wa pulezidenti wa nthawiyo a Edgar Lungu pa msewu wa ku Mongu, nthawi ya mwambo wa Kuomboka. Mlandu woukira boma ulibe belo. Anakhala m'ndende masiku 127, ena mwa iwo ku Mukobeko ku Kabwe, mpaka boma linausiya mlanduwo mu Ogasiti, mlembi wamkulu wa Commonwealth a Patricia Scotland atalowererapo. Mu 2021 anapambana ndi mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni pamene a Lungu anapeza 1.8 miliyoni. Tiyerekeze kuti mlandu uja unapitirira ndipo woweruza anati ndi olakwa. Dzina lawo silikanaoneka pa pepala la 2021, ndipo anthu mamiliyoni aja akanamanidwa munthu amene ankamufuna chifukwa cha nkhani ya kupatukirana pamsewu.

Si a Hichilema okha. A Kenneth Kaunda anatsekeredwa ndi atsamunda mu 1959 n'kutuluka mu Januwale 1960; atakalamba, boma la a Chiluba linawatsekera khomo la chisankho cha 1996 ndi lamulo la kumene makolo anabadwira, kenako n'kuwamanga tsiku la Khirisimasi mu 1997. A Chilubawo nawonso anali atalawako ndende mu 1981 ali mtsogoleri wa mabungwe a apantchito. A Simon Kapwepwe anapambana mpando wa Mufulira West mu Disembala 1971, pofika Febuluwale 1972 anali m'ndende, chipani chawo cha UPP chitaletsedwa. Kutsidya kwa malire a Mwami nako, a Kamuzu Banda a ku Malawi anamangidwa n'kukakhala ku ndende ya Gwelo kuyambira Malichi 1959 mpaka Epulo 1960. A Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, anatuluka mu Juni 1993, n'kudzaima pa upulezidenti mu 1994. A Gwanda Chakuamba anamangidwa mu 1980 n'kugamulidwa zaka 22, anatuluka mu 1993, n'kudzapikisana mu 1999 ndi 2004. M'mayiko athu awiriwa, ndende ndi nyumba ya boma zayandikana kwambiri moti munthu woona mtima sanganene kuti aliyense amene ali mkati ndi chigawenga.

Ngakhale zili choncho, ine sindikuvomereza kuti munthu wogwira ukaidi akhale phungu, ndipo chifukwa changa chili konkuno ku Malambo. Tikudziwa kupweteka kwa kukhala opanda wotiyankhulira. Makhoti atathetsa zotsatira za chisankho cha 2011 m'dera lino, mpando unakhala wopanda munthu kuyambira 2013 mpaka Juni 2015, maloya akukokanakokana za amene ali woyenera kuimanso. Zomwezo zinagwera Petauke Central ndi Mulobezi. Zaka ziwiri zimenezo njovu sizinadikire chigamulo.

Amene sanagonepo kumunda m'chigwa muno mwina sangamvetse chimene phungu amatanthauza kwa ife. Chimanga chikayamba kukhwima, banja limasamukira pa nsanja ya kumunda. Mayi amasonkha moto wa ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wake uthamangitse njovu, bambo ali ndi tochi ndi chigubu choti aziomba, ana akugona mwa apo ndi apo. Usiku umodzi wokha tulo tikawapitirira, m'mawa amapeza mapesi okhaokha atapondedwapondedwa, nthawi zina ndi nkhokwe yomwe itagwetsedwa. Banja lotere likufuna munthu amene angaimirire m'nyumba ya malamulo ku Manda Hill n'kufunsa nduna yoona za nyama zakutchire kuti chipukuta misozi chili kuti, ndi kuti ndalama za alenje olipira zoyenera kufika kwa mafumu a Kakumbi, Nsefu, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro zachedweranji. Likufuna munthu amene dzinja likafika, Lupande atasefukira n'kudula njira za kuchipatala, angabwere kudzaona ndi maso ake. Kuyambira 2022 ndalama za chitukuko cha dera, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe. Phungu ali ndi mawu aakulu pa kagawidwe kake. Ntchito imeneyi siingagwiridwe ndi munthu amene amatsekeredwa dzuwa lisanalowe ndipo kalata yake iliyonse imayamba yawerengedwa ndi woyang'anira ndende. Debs anatha kuima ali ku Atlanta chifukwa aliyense ankadziwa kuti sapambana. Uphungu wa dera limodzi ndi nkhani ina: munthu akhoza kupambanadi, ndipo olipira mtengo wake ndi omuvotera omwewo.

Tsono vuto si loti mkaidi amaletsedwa. Vuto ndi kufupika kwa njira yochokera pa nsanja ya msonkhano kukafika m'ndende, ndi liwiro limene mpando umatayikira munthu akangolowamo. Ndime 70 siitchula kutalika kwa ukaidi kwa amene akuugwira panopa. Miyezi 8 ndi zaka 10 n'chimodzimodzi. Mu 2024, pa nkhani ya a Nickson Chilangwa a ku Kawambwa, Khoti la Malamulo Aakulu linanena kuti mpando umatha phungu akangogamulidwa ukaidi, ngakhale atachita apilo. Chisankho chachibwereza chimayenera kuchitika pasanathe masiku 90. Apilo ku makhoti athu imatha kutenga chaka kapena kuposerapo. Ndiye kuti tsiku limene khoti lapamwamba lingadzanene kuti majisitireti analakwitsa, pampando pamakhala patakhala kale wina, ndipo palibe wobweza. Dziko la Brazil linaphunzira zimenezi mowawa. Lula da Silva ankatsogola pa kafukufuku wa chisankho cha 2018 pamene anamangidwa n'kuletsedwa kuima. Anakhala m'ndende masiku 580, khoti lalikulu linadzafafaniza zigamulozo mu 2021, ndipo anapambana mu 2022. Koma chisankho cha 2018 chinali chitapita.

Sindikunena kuti aphungu onse amene anataya mipando anali osalakwa. Milandu ya ku Kawambwa ndi Pambashe inali yokhudza ziwawa ndi kutentha galimoto pa chisankho cha 2021, ndipo amene wachita zotere uphungu usamuteteze. Ndiponso mawu ogawanitsa mitundu ndi oopsa. Dziko la mitundu yoposa 70 silingawasekerere. Koma mlandu wa mawu ndi wosiyana ndi mlandu wa moto. Lamulo lolanga mawu outsa mkwiyo pa boma tinalilandira kwa atsamunda, amene analipanga kuti atseke pakamwa anthu ofuna ufulu. Boma lililonse limene lalamula dziko lino lalidandaula lili kotsutsa, n'kulisunga litalowa m'boma. Mu Disembala 2022 Zambia inachotsa chilango cha imfa ndi mlandu wonyoza pulezidenti, ndipo tinayamikira. Chaka chomwecho aphungu a ku Malawi anachotsa m'malamulo awo mlandu wa mawu oukira boma. Ife tikadali nawo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo a chipani cholamula lero, amene mtsogoleri wawo anagona pansi ku Mukobeko, safunika wowakumbutsa.

Pali mkaidi wina amene pa mkangano wonsewu satchulidwa, ndipo ndiye wathu weniweni. Si phungu, alibe loya wotchuka, wailesi siimutchula. Ndi mnyamata wa m'mudzi amene asikauti anamugwira ndi minyanga ya njovu. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limati wopezeka ndi minyanga akakhale kundende zaka zosachepera zisanu, ngakhale kakhale koyamba. Nthawi zambiri iye anali wonyamula chabe, wolipidwa ndalama yochepa. Mwini katundu ali m'tauni. Mayi ake amagulitsa nkhuku kuti apeze ya minibasi yopita ku Chipata, atanyamula kathumba ka sopo, shuga ndi kapenta, kukamuona mphindi zowerengeka n'kubwerera tsiku lomwelo. Kupha njovu n'kulakwa, ndipo chuma cha chigwa chino chatsamira pa nyama zimenezi, zimene zimakokera alendo ku South Luangwa. Koma mnyamatayu akatuluka, atasintha, mwina atalemba mayeso a Giredi 12 ali komweko, Ndime 70 imamuuza kuti adikire zaka zina zisanu asanaganize zoimira anthu a kwawo. Zisanu za woweruza, zisanu za malamulo aakulu. Kumeneku n'kulanga kawiri. Munthu amene wamaliza chilango chake wabweza ngongole, ndipo anthu a m'mudzi mwake, amene amamudziwa kuposa kalaliki aliyense wa ku Lusaka, ndiwo oyenera kunena ngati akumukhulupirira kapena ayi. Ena mwa anthu amene amateteza nyama mwakhama m'chigwa muno lero ndi omwe kale ankatchera mawaya.

Pa mbali ya kuvota, dziko lathu linachita bwino, ndipo tiyenera kunyadira. A Godfrey Malembeka, amene anakhalapo m'ndende n'kudzatsogolera bungwe losamalira akaidi la PRISCCA, anakasuma ku Khoti la Malamulo Aakulu kuti kuletsa akaidi kuvota n'kuphwanya Ndime 46, imene imapereka voti kwa nzika iliyonse ya zaka 18. Khoti linagwirizana nawo mu 2017. Pa 12 Ogasiti 2021 akaidi zikwizikwi anaponya voti koyamba m'mbiri ya Zambia, mabokosi atalowa m'ndende momwemo. Ku India n'zosemphana: mkaidi savota, koma wosungidwa podikira mlandu akhoza kuima, ndipo mu 2024 anthu awiri, Amritpal Singh ndi Engineer Rashid, anapambana uphungu ali m'ndende. Pa ziwirizi ine ndingasankhe yathu. Voti ya mkaidi wamba imakakamiza andale kuganizira za kuthithikana m'zipinda, za chakudya, za anthu okhala pa limandi zaka zambiri mlandu osazengedwa. Chodetsa nkhawa n'chakuti mkaidi amavota ali m'manja mwa boma lomwe likupikisana nawo pa chisankhocho, choncho zipani zonse ndi oyang'anira chisankho ayenera kuloledwa kulowa mofanana, ndipo chinsinsi cha voti yake chitetezedwe kuposa cha wina aliyense.

Choncho yankho langa kwa ofunsa aja n'lakuti ayi, wogwira ukaidi asaime, koma zinthu zitatu zikonzedwe. Mpando wa phungu usathe kufikira apilo yake itamveka, ndipo apiloyo ipatsidwe malire. Malamulo athu amalamula kale kuti dandaulo la chisankho cha phungu limvedwe pasanathe masiku 90, ndiye palibe chovuta kuika malire omwewo pa apilo ya phungu womangidwa. Mlandu wa mawu outsa mkwiyo pa boma uchoke m'buku la milandu, patsale malamulo olanga woyambitsa ziwawa ndi chidani cha mitundu, amene alipo kale. Ndipo zaka zisanu zodikira zija zitsalire okhawo amene anaba chuma cha boma kapena kubera chisankho, chifukwa amenewo ndiwo anaipitsa udindo womwe akuufunawo.

Okonza malamulo ndi aphungu, ndipo aphungu timawatuma ndife. Ofuna mpando wa Malambo akadzafika pa bwalo la sukulu ndi zitenje ndi malonjezo a mijigo, wina mwa ife adzakweze dzanja n'kuwafunsa ngati adzavotere kuchotsa lamulo lomangira munthu chifukwa cha mawu, ngakhale chipani chawo chitakhala m'boma. Adzayankhe pagulu, mafumu ndi anyakwawa akumva.